Miliyoni yokana kugawika pakati pa amayi 13

Disembala watha azakhali anga a ku Chibavi anandiimbira foni madzulo, kamvula ka kuno ku Mzuzu kakuwaza monga mwa masiku onse. Iwo ndi msungichuma wa kagulu ka amayi 13 amene amaoda usipa ku Nkhata Bay n'kumagulitsa mumsika, ndipo tsikulo anali atatseka mabuku a chaka. Phindu linakwana K1,000,000 ndendende, ndipo pangano lawo n'logawana mofanana. Atatayipa pa kalikuleta ya pafoni, inawapatsa 76,923.0769 ndi mchira wina wosatha.

"Mwanawe, paja iwe ndiwe wa masamu," anatero. "Miliyoni yathunthu, yosabenthuka paliponse, ikukana bwanji kugawika? Kapena foni yangayi yayamba misala?"

Foniyo inalibe vuto. Aliyense akalandira K76,923, ndalama zotuluka zimakwana K999,999, n'kutsala kwacha imodzi patebulo. Ndinawayankha mwachidule choncho, koma funso lawo ndi lalikulu kuposa yankho limene ndinapereka pafoni. Ambirife timaona ngati nambala yothera ndi maziro ambiri ndiyo yosavuta kugawa. Maziro aja ndi nkhope chabe. Khalidwe la nambala limachokera kwa makolo ake, ndipo miliyoni, ngakhale imaoneka yonenepa, makolo ake ndi awiri okha.

Makolo amene ndikunenawa ndi nambala zija m'kalasi timazitcha ma prime: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19 ndi zinzake. Nambala ya prime ndi imene singagawike bwinobwino ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Mukhale ndi mazira 13, muyese kuwaika m'mizere yofanana: mizere iwiri ikana, itatu ikana, inayi ikana, mpaka mungovomereza mzere umodzi wa 13 kapena mizere 13 ya dzira limodzilimodzi. Mazira 12 savuta chotero. Amalola mizere 2, 3, 4 kapena 6, chifukwa 12 ndi 2 × 2 × 3. Nambala iliyonse yoposa 1, ngati si prime, imaphwanyika chonchi kukhala ma prime ochulukitsana, ndipo kaphwanyidwe kake n'kamodzi kokha. Muyambire kumene mukufuna, mudzathera pa ma prime omwewo. Maziko a mfundo imeneyi ali kale m'zolemba za Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, ndipo Carl Friedrich Gauss anaitsimikizira mokwanira mu 1801. N'chifukwa chakenso 1 sawerengedwa m'gulu la ma prime: atalowamo, 12 akanakhalanso 1 × 2 × 2 × 3, kapena 1 × 1 × 2 × 2 × 3, ndipo mawu akuti "kamodzi kokha" akanatha ntchito.

Tiyeni tiiphwanye miliyoniyo. Ndi 10 wochulukitsidwa yekhayekha kasanu n'kamodzi, ndipo 10 aliyense ndi 2 × 5. Choncho m'mimba mwa 1,000,000 muli ma 2 asanu n'limodzi ndi ma 5 asanu n'limodzi, basi. Mulibe 3, mulibe 7, mulibe 11, mulibe 13. Gulu la anthu 30 kapena ocheperapo lingagawane miliyoni popanda chotsala pokhapokha ngati anthuwo alipo 2, 4, 5, 8, 10, 16, 20 kapena 25. Banja la anthu atatu silingathe. Anthu 6, 7, 9, 12, onsewa atsala ndi kenakake m'mbale.

Chodabwitsa chili pa mnansi wake. Chotsani kwacha imodzi ija, mutsale ndi 999,999. Nambala yooneka yosakwanirayi ndi 3 × 3 × 3 × 7 × 11 × 13 × 37. Ndiye chifukwa chake miliyoni imasiya 1 mukaigawa kwa anthu 3, 7, 9, 11, 13, 21 ngakhale 27: onsewa amalowa bwino mu 999,999, ndipo kwacha yomalizayo ndi imene imasowa mwini. Azakhali akanakhala kuti anaperewera kwacha imodzi pa phindu lawo, sakanandiimbira foni.

Nambala zimene zimalowa mwa inzake popanda chotsala, ana a sukulu amazitcha mafakita. Kuwerenga mafakita a nambala yaikulu poyesa imodziimodzi ndi ntchito yotopetsa, koma ukadziwa makolo ake imasanduka ntchito ya mphindi imodzi. Fakita iliyonse ya miliyoni imapangidwa potapa ma 2 angapo ndi ma 5 angapo m'thumba lija. Ma 2 mutha kusatapako, kapena kutapa limodzi, awiri, mpaka asanu n'limodzi: njira 7. Ma 5 chimodzimodzi, njira 7. Chulukitsani, mupeza 49. Amenewo ndiwo mafakita onse a miliyoni, kuphatikizapo 1 ndi miliyoniyo. Mnansi uja 999,999 ali ndi njira 4 pa ma 3 ake ndi njira ziwiriziwiri pa 7, 11, 13 ndi 37. Ndiye kuti 4 × 2 × 2 × 2 × 2, mafakita 64. Waposa miliyoni ndi 15.

Nambala 49 ija ilinso ndi nkhani yake. Mafakita amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu: 2 ndi 500,000, 4 ndi 250,000, 8 ndi 125,000. Tikanayembekezera kuti chiwerengero chawo chizigawika pawiri nthawi zonse. Koma pakati penipeni pa miliyoni pali 1,000, amene mnzake ndi 1,000 yemweyo, ndipo amawerengedwa kamodzi. Izi zimachitika pa nambala za sikweya zokha. Miliyoni ndi sikweya, 1,000 × 1,000, komanso ndi kiyubu, 100 × 100 × 100. Pamenepa pokha ndi pamene ulemu wake ndi weniweni.

Nambala imene ine ndimaikonda pankhani yogawana ndi ina, yocheperako: 720,720. Ndikanakhala ndi mphamvu yosankhira azakhali phindu, mwina sakanandithokoza poichepetsa chotero, koma kalikuleta yawo ikanakhala chete. Kwa amayi 13, aliyense K55,440. Wina atadwala n'kutuluka m'gulu, otsala 12 aliyense K60,060. Atalowa wina n'kukhala 14, K51,480. Anthu 11, K65,520. Anthu 15, K48,048. Anthu 16, K45,045. Nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16 imalowamo popanda chotsala, ndipo palibe nambala yocheperapo imene imachita zimenezi. Woyamba kuigonjetsa ndi 17, amene amasiya 5.

Chinsinsi chake chili pa makolo: 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 7 × 11 × 13. Taonani kusawononga kwake. Ma 2 alipo anayi, okwanira kupanga 16, osapitirira. Ma 3 alipo awiri, okwanira kupanga 9. Ena onse limodzilimodzi. Miliyoni inathera mphamvu zake zonse pounjika ma 2 ndi ma 5, pomwe 720,720 inamwaza zake pa ma prime asanu n'limodzi oyambirira. Kuwerenga kwake ndi 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2, mafakita 240, pafupifupi kasanu kuposa miliyoni. Palibe nambala yochepera 720,720 imene imafika pa 240, ndipo kuti mupeze yoiposa muyenera kudutsa miliyoni mpaka 1,081,080, imene ili ndi 256.

Nambala zotere, zimene zimaposa zonse za m'munsi mwawo pa kuchuluka kwa mafakita, zili ndi mtundu wawo. Srinivasa Ramanujan wa ku India anazifufuza mozama m'pepala lake la mu 1915, ali ku Cambridge. Mndandanda wake umayamba 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60, 120, 180, 240, 360, 720, ndipo ukauwerenga umazindikira nkhope zodziwika. Dazeni ndi 12. Tsiku lili ndi maola 24, ola lili ndi mphindi 60, kuzungulira kwathunthu ndi madigiri 360. Anthu a ku Babylon ankawerenga m'magulu a 60, ndipo wotchi imene ili pakhoma panu inatengera kwa iwo. Ola limagawika patatu, panayi, pasanu, pasanu n'kamodzi popanda kudula mphindi, chifukwa 60 ali ndi mafakita 12, pomwe 100 ali ndi 9 okha. Plato nayenso, Mgiriki wanzeru wakale, polingalira za mzinda wabwino, anasankha mabanja 5,040 pa chifukwa chomwechi: nambalayo imagawika ndi zonse kuyambira 1 mpaka 10, ndi 12 yemwe, ngakhale 11 amaikana. Ndipo K55,440 ija ya mayi mmodzi ilinso mumndandanda womwewu, ndi mafakita 120.

Maonekedwe a 720,720, kubwereza 720 kawiri, sanangochitika. Ndi 720 × 1,001, ndipo 1,001 ndi 7 × 11 × 13. Apa pali kamasewera kamene ndimawachita ana a Fomu 1 tsiku limene akuoneka kuti atopa. Ndimati lembani nambala iliyonse ya madijiti atatu, muibwereze, monga 358,358. Gawani ndi 7, yankholo ndi 11, yankholo ndi 13. Sipatsala kanthu, ndipo 358 wanu wabwerera. Amayamba kundiyang'ana ngati ndakhwima, pomwe n'kungochulukitsa ndi 1,001 kenako n'kugawanso ndi 1,001 pang'onopang'ono.

Agiriki akale anali ndi kasanjidwe kena kamene kakugwirabe ntchito, ndipo Nicomachus wa ku Gerasa anakalemba cha m'ma 100 Yesu atabadwa. Tengani mafakita onse a nambala kupatula iyo yomwe, muwaphatikize. Pa 8 mupeza 1 + 2 + 4, zimene ndi 7: yaperewera. Pa 12 mupeza 1 + 2 + 3 + 4 + 6, zimene ndi 16: yasefukira. Pa 6 mupeza 1 + 2 + 3, zimene ndi 6 yemweyo: yakwanira ndendende. Nambala iliyonse imagwera m'gulu limodzi mwa atatuwa. Miliyoni ndi yosefukira, mafakita ake amakwana 1,480,437. Koma 720,720 imasefukira ngati mtsinje wa Lunyangwa mu Epulo: mafakita ake amakwana 2,529,072, kupitirira katatu ndi theka kukula kwake. Ma prime onse ndi operewera mpaka kumvetsa chisoni, chifukwa chophatikiza chawo ndi 1 yekha.

Zokwanira ndendende ndizo zosowa. Pansi pa miliyoni zilipo zinayi zokha: 6, 28, 496 ndi 8,128. Yachisanu ili kutali, pa 33,550,336. Euclid anapeza njira yozipangira: muchulukitse 2 yekhayekha kangapo, muchotse 1, ndipo yankholo likakhala prime, mulichulukitse ndi theka la nambala munayamba nayo ija. Mwachitsanzo 2 × 2 × 2 ndi 8, kuchotsa 1 ndi 7 amene ndi prime, 7 × 4 ndi 28. Patapita zaka pafupifupi 2,000, Leonhard Euler anaonetsa kuti nambala iliyonse yokwanira ndendende imene imagawika pawiri imachokera m'njira yomweyi. Ngati ilipo yokwanira ndendende yosagawika pawiri, akatswiri a masamu sanaipeze mpaka lero, ndiponso sanathe kutsimikiza kuti kulibe. Funso loti mwana wa Sitandade 6 angalimve, koma lakanika mibadwo.

Kumbali ina ya mudzi kuli 999,983, amene ali masitepe 17 okha pansi pa miliyoni. Ameneyu ndi prime wamkulu kuposa onse osafika miliyoni, ndipo phindu la azakhali likanakhala limeneli, palibe gulu lililonse la anthu awiri kapena kuposerapo, ngakhale mpingo wonse wa Katawa, limene likanagawana mofanana, pokhapokha atapezeka anthu 999,983 olandira kwacha imodziimodzi. Kutsidya kwa miliyoni, prime woyamba ndi 1,000,003.

Tidziwa bwanji kuti 999,983 ndi prime popanda kuyesa nambala pafupifupi miliyoni? Kumbukirani kuti mafakita amayenda awiriawiri. Onse awiri atakhala 1,000 kapena kuposa, kuchulukitsa kwawo kukanafika miliyoni, choncho mmodzi ayenera kukhala wochepera 1,000. Ndipo sitifunika kuyesa onse, koma ma prime okha, amene pansi pa 1,000 alipo 168, womaliza 997. Kugawa ka 168 ndi ntchito ya Loweruka limodzi ndi kalikuleta. Kupeza ma prime 168 amenewo kulinso ndi njira yake yakale, ya Eratosthenes, amene ankayang'anira nyumba ya mabuku ku Alexandria. Amaitcha sefa, ndipo dzinalo n'loyenera. Mulembe nambala zonse, musunge 2 n'kufufuta ana ake onse, musunge 3 n'kufufuta ana ake, mupite pa yotsatira imene sinafufutidwe, n'kumapitiriza. Zotsala pamwamba pa sefa ndiwo ma prime.

Mukamakwera, ma prime amanka natalikirana. Pa nambala 100 zoyambirira alipo 25. Pa 1,000 zoyambirira alipo 168, ndipo pansi pa miliyoni alipo 78,498, kutanthauza osakwana 8 pa 100 iliyonse. Pena pamakhala chipululu ndithu, ndipo 720,720 imatisonyeza chimodzi popanda kuvutika: 720,722 imagawika ndi 2, 720,723 ndi 3, 720,724 ndi 4, choncho mpaka 720,736 imene imagawika ndi 16. Nambala 15 zondondozana, prime palibe.

Komabe satha, ndipo umboni wa Euclid wakuti satha ndi kwacha yomwe ija ya azakhali. Tiyerekeze kuti wina akuti ma prime onse ndi 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Achulukitseni, mupeza 30,030. Onjezani 1. Tsopano 30,031 imasiya 1 mukaigawa ndi aliyense wa asanu n'mmodziwo, monga miliyoni inasiyira 1 kwa amayi 13. Ndiye kuti makolo ake si amenewo, alipo ena amene sanatchulidwe. Ambiri amalakwitsa pano poganiza kuti nambala yatsopanoyo iyenera kukhala prime. Ayi: 30,031 ndi 59 × 509. Koma 59 ndi 509 ndi ma prime amene sanali pamndandanda, ndipo n'zokhazo zimene umboniwo ukufuna. Mndandanda uliwonse umene mungalembe, njira yomweyi idzatulutsa wina wotsalira kunja. Mu Okutobala 2024, Luke Durant, pogwira ntchito ndi gulu la GIMPS limene limasaka ma prime ndi makompyuta ambirimbiri, anapeza wina wa madijiti 41,024,320. Ndi 2 wochulukitsidwa yekhayekha ka 136,279,841, kuchotsa 1, mtundu womwe uja wa njira ya Euclid, choncho anabweretsanso nambala yatsopano yokwanira ndendende.

Kuphwanya nambala kumene takhala tikuchita mosavutaku kumasanduka phiri nambala ikakula. Kuchulukitsa 999,983 ndi 1,000,003 n'kosavuta: 999,985,999,949. Koma ndikupatseni yankho lokhalo n'kunena kuti pezani makolo ake, muyesa ma prime oposa 78,000 musanafike pa woyamba. Kompyuta ichita zimenezo m'kuphethira kwa diso, koma ma prime awiriwo akakhala a madijiti mazanamazana, ngakhale makompyuta amphamvu amagwa ulesi. Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anamanga loko wa zinsinsi pa kusiyana kumeneku mu 1977. Amatchedwa RSA, ndipo ndi imodzi mwa njira zimene zakhala zikuteteza mauthenga ndi malonda a pa intaneti.

Pali mayina ena ambiri amene nambala imapatsidwa, ndipo ine sindiwalemekeza mofanana. Mwachitsanzo 720,720 imatchedwa nambala ya Harshad, dzina limene anapereka D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa ku India, chifukwa imagawika ndi chophatikiza cha madijiti ake: 7 + 2 + 0 + 7 + 2 + 0 ndi 18, ndipo 720,720 kugawa ndi 18 ndi 40,040. Nambala monga 123,321 imatamandidwa chifukwa imawerengeka chimodzimodzi kuchokera kutsogolo ndi kumbuyo. Zosangalatsa, inde, koma ndi zovala. Zimadalira kuti timalemba nambala m'magulu a khumi, ndipo timatero chifukwa cha zala zathu, si chifukwa cha lamulo lililonse la masamu. Chichewa chenicheni chimaulula poyera: zisanu n'chimodzi, zisanu n'ziwiri, dzanja limodzi latha tayamba linzake, mpaka khumi. Kompyuta imene imawerenga ndi 0 ndi 1 yekha imalemba miliyoni motere: 11110100001001000000. Tikanabadwa ndi zala zisanu n'ziwiri n'kumawerenga m'magulu a 7, miliyoni ikanathera ndi 1, ndipo palibe akanaiona ngati yathunthu. Koma mafakita ake akanakhalabe 49, ikanakhalabe sikweya, ikanakhalabe yosefukira, ndipo 999,983 akanakanabe kugawika. Zimenezi zili m'magazi. Mutha kuzitsimikiza ndi mulu wa nyemba pamphasa popanda kulemba dijiti n'imodzi yomwe.

Njira zachidule za m'kalasi zili pakati pa ziwirizi. Kuti nambala yothera ndi 0 kapena 5 imagawika ndi 5, kapena kuti chophatikiza cha madijiti chikagawika ndi 9 ndiye kuti nambalayonso itero, ndi kugwiritsa ntchito chovala pofuna kudziwa za magazi. Ya 9 imatheka chifukwa 10, 100, 1,000 ndi anzawo onse amasiya 1 akagawidwa ndi 9, choncho dijiti iliyonse imangobweretsa kulemera kwake kokha. Ya 7, 11 ndi 13 ndi yosadziwika kwambiri koma imachokera kwa 1,001 uja: pa nambala ya madijiti asanu n'limodzi, chotsani atatu omaliza pa atatu oyamba, kapena oyamba pa omaliza, muone ngati chotsalacho chikugawika. Pa 524,160 ndi 524 kuchotsa 160, zimene ndi 364, ndipo 364 ndi 4 × 7 × 13. Ndiye kuti 524,160 imagawika ndi 7 ndi 13, koma 11 ayi.

Ku Chibavi nkhani inatha mwa njira ya kumsika. Ndalama zachitsulo masiku ano ndani amazisunga? Aliyense analandira K76,900, ndipo K300 yotsala anaiponya m'thumba la chaka chamawa. Nditapita kukawaona Lamulungu lotsatira, azakhali anandiuza kuti mu Januwale mulowa amayi ena awiri.

"Mukhala 15, azakhali," ndinatero. "Mukadzapezanso miliyoni, aliyense K66,666, kutsala K10."

"Nanga titapeza wina mmodzi?"

"Mukakwana 16 ndiye K62,500 aliyense, osatsala kanthu."

Anakhala chete pang'ono akupungulira tiyi, kenako anayamba kutchula mayina a amayi a kutchalitchi kwawo amene angathe kuoda usipa.